Otuluka mu Mpingo wa Amormoni: Madandaulo Awo ndi Ululu wa Kuchoka

 Nkhani ya lero ndi ya anthu amene anali mu mpingo wa Amormoni kenako n'kutulukamo. Pulogalamu ino ya pa wailesi, yochokera muno mu Lusaka, iyamba ndi mbiri ya mpingowo mwachidule, kenako ifotokoza zimene otulukawo amadandaula nazo, ndipo pomaliza iona chifukwa chimene kutulukako kumawawira kwambiri.

Dzina lenileni la mpingowu ndi lakuti Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza. Kuyambira mu 2018 atsogoleri ake akhala akupempha kuti dzina lakuti Amormoni lisiyidwe, koma ndi limene anthu ambiri amadziwa. Wokhala ku Kabwata, ku Chelstone kapena ku Woodlands anawaonapo anyamata oyenda awiriawiri, a malaya oyera ndi tayi, pachifuwa pali kabaji kakuda kolembedwa kuti Elder. Amenewo ndiwo amishonale a mpingowu.

Anauyambitsa ndi Joseph Smith mu 1830, m'chigawo cha New York ku America. Iye ankati mngelo anamuonetsa mbale zagolide zolembedwa, ndipo anazimasulira ndi mphamvu ya Mulungu n'kukhala Buku la Mormon. Smith anaphedwa mu 1844, ndipo Brigham Young anatsogolera okhulupirira ambiri kupita ku Utah, kumene kuli likulu lawo mpaka lero, mumzinda wa Salt Lake City. Kuno ku Zambia mpingowu unakhazikika mu 1992. Mu 2011 Lusaka inakhala likulu la amishonale a ku Zambia ndi ku Malawi, ndipo mu 2015 mipingo ya mumzinda uno inasonkhanitsidwa kukhala siteki, ndiko kuti chigawo chokhwima chokhala ndi atsogoleri akeake. Choncho mpingowu ndi wamng'ono pa zaka muno. Ana amene anakuliramo ndi akuluakulu tsopano, ali ndi mafoni m'manja, ndipo amatha kuwerenga okha zimene makolo awo sanauzidwe pa tsiku la ubatizo.

Mfundo yaikulu ya pulogalamu ino ndi iyi. Ambiri mwa amene amatuluka n'kumalankhula poyera sanali ofooka pa chikhulupiriro. Anali okangalika, ena anali amishonale, ena mabishopu. Chimene chimawapweteka kwambiri ndi kuzindikira kuti panali zinthu zoona zimene mpingo unkazidziwa koma iwo sanauzidwe.

Nkhaniyi isasokonezedwe ndi mphekesera. Mu Lusaka mpingo uliwonse wachilendo umanenedwa za usatana, ndipo mu 2005 mphekesera zotere zinautsa chipolowe pa mpingo wina, wa Universal Church of the Kingdom of God. Amene anakhalapo Amormoni sanena zimenezo. Iwo anakhala m'katimo zaka zambiri ndipo amadziwa kuti mumapemphera anthu wamba, okonda mabanja awo. Madandaulo awo ndi a mbiri yolembedwa, imene munthu aliyense angaifufuze.

Dandaulo loyamba, limene limakhudza kwambiri munthu wa mu Africa, ndi la khungu. Kuyambira mu 1852, mu nthawi ya Brigham Young, mpaka mu 1978, mwamuna wakuda wochokera ku Africa sankaloledwa kulandira unsembe. Omvera amvetse kuti mu mpingowu unsembe si wa abusa okha. Mwamuna aliyense wokhulupirika amaulandira, ndipo ndi umene umamupatsa mphamvu yobatiza mwana wake, yodalitsa mkazi wake akadwala, ndi yotsogolera mpingo. Komanso akuda onse, amuna ndi akazi, sankaloledwa kuchita miyambo ikuluikulu ya m'kachisi, kumene mabanja amamangidwa kuti akhale pamodzi mpaka muyaya. Kwa zaka zoposa 120, mwayi umene mpingowu umautcha wapamwamba koposa unali wotsekedwa kwa munthu wakuda.

Atsogoleri a nthawi imeneyo ankapereka zifukwa. Ena ankati akuda ali ndi temberero la Kaini kapena la Hamu. Ena ankati mizimu yawo sinali yolimba mtima m'moyo umene unalipo dziko lisanalengedwe. Mu 1949 atsogoleri atatu apamwamba a mpingo analemba kuti chiletsocho chinali lamulo lochokera kwa Ambuye. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa chiyambi sizinali choncho: munthu wakuda dzina lake Elijah Abel anapatsidwa unsembe mu 1836, Joseph Smith ali moyo. Mayi wina wakuda, Jane Manning James, amene anakhalapo m'nyumba ya Smith, anapempha kambirimbiri kuti alandire madalitso a m'kachisi, ndipo anamwalira mu 1908 asanaloledwe. Ku Johannesburg, bambo wa ku Soweto dzina lake Moses Mahlangu ankamvetsera mapemphero ali panja, kudzera pawindo, ndipo anabatizidwa mu 1980 atadikira zaka zambiri.

Mu June 1978 mtsogoleri wa mpingo, Spencer W. Kimball, analengeza kuti walandira vumbulutso lochotsa chiletsocho. Mu 2013 mpingo unatulutsa chikalata pa intaneti chokana ziphunzitso zonse zakuti khungu lakuda ndi chizindikiro cha temberero, ndiponso chotsutsa tsankho la mtundu uliwonse. Chimenecho chinali chinthu chabwino. Koma otuluka amafunsa funso lovuta kulizemba: ngati aneneri anaphunzitsa zolakwika kwa zaka zoposa 100, akunena kuti ndi mawu a Mulungu, munthu angadziwe bwanji kuti zimene mneneri wa lero akuphunzitsa si zolakwikanso? Amanenanso kuti mpingo sunapepesepo pa nkhaniyi, ndiponso kuti m'Buku la Mormon mudakali ndime imene imagwirizanitsa khungu lakuda ndi temberero. Wachinyamata wa mu Lusaka amene anabatizidwa osamvapo za 1978, n'kudzazipeza yekha pa foni usiku, ali ndi chifukwa chomveka chokhumudwira. Inali mbiri yokhudza khungu lake lomwe, ndipo anayenera kuimva asanalowe m'madzi.

Pali Amormoni akuda ambiri amene amaidziwa bwino mbiri imeneyi koma amakhalabe. Ku Ghana, Joseph William Billy Johnson anasonkhanitsa anthu ochuluka owerenga Buku la Mormon kuyambira mu 1964, ndipo anadikira mpaka 1978 kuti abatizidwe. Kwa anthu otere, umboni wa mumtima umalemera kuposa zolakwa za atsogoleri. Mbali zonse ziwiri zilipo, ndipo zonse ndi za anthu oganiza bwino.

Dandaulo lachiwiri ndi la Joseph Smith mwiniwake, makamaka nkhani ya mitala. Muno mu Zambia mitala si chinthu chodabwitsa, malamulo a chikhalidwe amailola. Chimene chimadodometsa otuluka ndi mmene zinachitikira. Mu 2014 mpingo unavomereza kuti Smith anali ndi akazi pakati pa 30 ndi 40, kuti ena mwa iwo anali kale ndi amuna awo amoyo, kuti wamng'ono kwambiri, Helen Mar Kimball, anali ndi zaka 14, ndiponso kuti mkazi wake woyamba, Emma, sankadziwa za maukwati onsewo. Mamembala ambiri anakula akumva za Emma yekha. Mpingo unayamba kusiya mitala mu 1890, ndipo lero mwamuna wa mitala sangabatizidwe ali m'banja lotero. Bambo amene anauzidwa zimenezo ndi amishonale amamva kuwawa akadzawerenga za moyo wa woyambitsa mpingo.

Palinso nkhani ya malemba. Mu 1835 Smith anapeza mipukutu yakale ya ku Egypt, n'kunena kuti muli zolemba za Abrahamu, ndipo anamasulira Buku la Abrahamu limene mpingo umaliwerenga ngati malemba oyera. Zidutswa za mipukutuyo zinabwezedwa ku mpingo mu 1967 kuchokera ku nyumba yosungira zakale ya ku New York. Akatswiri a chilankhulo cha ku Egypt ataziwerenga anapeza kuti ndi zolemba zoika m'manda pamodzi ndi akufa, ndipo dzina la Abrahamu mulibe. Mpingo umavomereza zimenezi, koma umayankha kuti mwina mbali ya mipukutu imene Smith anagwiritsa ntchito inatayika, kapena mipukutuyo inangotsegula njira ya vumbulutso. Pa Buku la Mormon, limene limati anthu ena akale a ku America anachokera ku Yerusalemu, kafukufuku wa DNA amaonetsa kuti makolo a eni dziko la America anachokera ku Asia. Wasayansi wa ku Australia, Simon Southerton, amene anali bishopu wa mpingowu, anatuluka chifukwa cha nkhani imeneyi ndipo analemba buku mu 2004. Mafunso ambiri otere anasonkhanitsidwa mu 2013 ndi Jeremy Runnells m'kalata yotchuka yotchedwa CES Letter, imene yawerengedwa ndi anthu ochuluka, ndipo oteteza mpingo alembanso mayankho ake aatali.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene ili pafupi kwambiri ndi moyo wa mumzinda uno. Membala aliyense amaphunzitsidwa kupereka chakhumi, ndipo amene sapereka chakhumi chathunthu salandira chilolezo cholowera m'kachisi. Mu 2018, ali ku Nairobi, mtsogoleri wa mpingo Russell M. Nelson anaphunzitsa kuti kupereka chakhumi ndiko kumathetsa umphawi wa mibadwomibadwo. Chaka chotsatira, munthu amene ankagwira ntchito ku Ensign Peak Advisors, kampani yosunga chuma cha mpingo, anaulula kuti kunali chuma chokwana pafupifupi madola 100 biliyoni. Mu 2023 bungwe la boma la America loyang'anira misika ya ndalama linalipiritsa mpingo ndi kampaniyo madola 5 miliyoni chifukwa chobisa kukula kwa chumacho pogwiritsa ntchito timakampani ta dzina lokha. Mpingo unati unatsatira malangizo a maloya ake ndipo ukumva chisoni ndi zolakwikazo. Umanenanso kuti chumacho ndi nkhokwe ya m'tsogolo, kuti mabishopu ake salandira malipiro, ndiponso kuti umagwiritsa ntchito ndalama zoposa madola 1 biliyoni pachaka pothandiza ovutika. Komabe mayi wogulitsa tomato pamsika, amene ankachotsa chakhumi asanagule ufa kapena kulipira lendi, ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene sanauzidwe za nkhokwe imeneyo.

Ena amadandaula za malo a akazi, popeza unsembe ndi wa amuna okha, ndiponso za mmene mpingo umachitira ndi ofunsa mafunso poyera. Kate Kelly, amene ankalimbikitsa kuti akazi alandire unsembe, anachotsedwa mu 2014, ndipo John Dehlin, amene amajambula nkhani za okayika ndi otuluka, anachotsedwa mu 2015.

Omvera aona kuti m'madandaulo onsewa mukubwera mfundo imodzimodzi ija: zinthu zambiri zimene otuluka amanena, mpingo womwewo unadzazivomereza pambuyo pake, ndipo bala lawo lalikulu ndi lakuti sanauzidwe. Tsopano pulogalamu ino ifika pa mbali yachitatu, ya ululu wa kuchoka.

Munthu wakunja angadabwe kuti, mu mzinda umene anthu amasintha mipingo kawirikawiri, chovuta n'chiyani. Yankho lili m'chiphunzitso cha banja. Amormoni amakhulupirira kuti mwamuna, mkazi ndi ana amene amangidwa m'kachisi adzakhala banja limodzi ngakhale atamwalira, ngati asunga mapangano awo. Kwa zaka zambiri mabanja a muno akhala akusunga ndalama ndi kuyenda ulendo wautali wopita ku kachisi wa ku Johannesburg, amene anatsegulidwa mu 1985, kuti akalandire lonjezo limeneli. Choncho mwana akati sakukhulupiriranso, mayi ake samva ngati wangosintha tchalitchi. Amamva kuti banja lawo la kumwamba lang'ambika. Mkazi amene mwamuna wake wasiya amadzifunsa kuti adzakhala ndi yani kumwambako. Misozi ya anthu amenewa ndi yoona, ndipo wotulukayo amadziwa kuti ndi iye amene waigwetsa. Alipo amene amakhala chete zaka, n'kumapitabe ku mapemphero Lamulungu lililonse, poopa kusweka kwa ukwati kapena kukhumudwitsa makolo okalamba.

Ukwati wa m'kachisi umabweretsa chisoni china. Wopanda chilolezo salowa, ngakhale akhale bambo kapena mayi wa mkwatibwi. Kuyambira mu 2019 mpingo unalola kuti anthu ayambe ndi ukwati wa panja, umene abale onse angaone, kenako n'kupita ku kachisi osadikira chaka monga zinalili m'maiko ena. Zimenezi zinachepetsa vutoli, koma kholo lotuluka limatsalabe panja pa mwambo umene mwana wake amauona kuti ndiwo weniweni.

Kenako pali moyo wa tsiku ndi tsiku. Mpingowu umadzaza nthawi ya munthu. Pafupifupi aliyense amapatsidwa udindo, wina kuphunzitsa ana, wina kuyendera mabanja, wina kusunga mabuku. Anzake onse amakhala a momwemo. Mu mzinda ngati Lusaka, kumene ambiri ali kutali ndi kumudzi, mpingo ndiwo umabwera munthu akagonekedwa m'chipatala, ndiwo umasonkha pa maliro, ndiwo umamva kumene kuli ntchito, ndipo bishopu amatha kuthandiza banja likasowa chakudya. Achinyamata ena amaphunzira pa intaneti kudzera mu BYU-Pathway, ndipo anzawo a sukulu ndi omwewo a ku mpingo. Wa ku Kabulonga amene ali ndi ntchito yabwino angataye anzake okha. Wa m'komboni angataye anzake pamodzi ndi pothawira pake. Kunena zoona, mpingowu ulibe lamulo lakuti wotuluka azisalidwa, monga zakhala zikudziwikira pakati pa Mboni za Yehova. Koma ubwenzi umene unamangidwa pa misonkhano umazirala wokha misonkhanoyo ikatha, ndipo mafoni amene amabwera kawirikawiri amakhala oitanira munthuyo kuti abwerere, osati omufunsa mmene akumvera.

Ululu wina ndi wa kudziimba mlandu. Mnyamata amene anapereka zaka ziwiri za moyo wake ku umishonale amakumbukira nkhope za anthu amene anawabatiza, amene anawauza ndi mtima wonse kuti akudziwa kuti mpingowu ndi woona. Ena mwa iwo ndi abale ake enieni. Pali amene anakangana ndi akuluakulu a kwawo pa nkhani ya malowolo, chifukwa atsogoleri a mpingo akhala akuphunzitsa kuti mwambowu usiyidwe. Pali amene anachoka ku Katolika, ku Reformed Church kapena ku Sabata abale akuwaletsa. Kubwerera kwa abale amenewo n'kukamva mawu akuti "tinakuuza ife" kumafuna mtima wolimba. Ngakhale zinthu zazing'ono zimalemera. Munthu amene kwa zaka zambiri sanamwe tiyi kapena khofi chifukwa cha lamulo la mpingo amatha kunjenjemera ndi kapu yoyamba, ndipo wovula zovala zopatulika za m'kati, zimene analonjeza m'kachisi kuti azivala, amatha kukhala ndi mantha kwa nthawi yaitali ngakhale mutu wake utatsimikiza kale.

Funso lakuti apite kuti nalonso si lapafupi. Zambia inalengezedwa kuti ndi dziko lachikhristu mu 1991, mu ulamuliro wa Frederick Chiluba, ndipo funso lakuti "mumapemphera kuti?" limabwera msanga anthu akangodziwana. Koma Mmormoni anaphunzitsidwa kuti mipingo ina yonse ilibe ulamuliro wa unsembe wochokera kwa Mulungu, choncho kukhulupiriranso mbusa wina kumamuvuta. Ndipo mipingo ina siuvomereza ubatizo wake. Mpingo wa Katolika unagamula zimenezo mu 2001. Ena amapeza mpingo watsopano n'kukhazikika, ena amapemphera okha kunyumba, ena amasiya zopemphera. Ambiri amafotokoza nthawi imeneyi ngati maliro, koma maliro opanda anthu odzagona panyumba, chifukwa amene akanabwera kudzatonthoza ndi omwewo amene akuona kuti wolirayo ndiye wolakwa.

Apa omvera angaime pang'ono n'kudzifunsa. Mwana wa m'nyumba mwawo atabwera lero n'kunena kuti sakukhulupiriranso zimene anakulira nazo, mawu oyamba kutuluka pakamwa angakhale otani? Angayambe afunsa chimene mwanayo wawerenga ndi chimene chikumupweteka, kapena angathamangire kufufuza tchimo limene akubisa? Funsoli ndi la banja la mpingo uliwonse.

Ngakhale m'kati mwa mpingo wa Amormoni muli atsogoleri amene anaona vutoli. Mu 2013, pa msonkhano waukulu wa mpingo, Dieter F. Uchtdorf, amene anali mmodzi wa atsogoleri atatu apamwamba, ananena kuti si zoona kuti onse ochoka ndi aulesi, ochimwa kapena okwiyitsidwa, ndipo anavomereza kuti nthawi zina atsogoleri analakwitsapo. Chaka chomwecho Hans Mattsson, amene anali mmodzi wa atsogoleri akuluakulu a mpingo ku Ulaya, anauza nyuzipepala ya New York Times za kukayika kwake. Zikalata zofotokoza mbiri yovuta ija zinayamba kutuluka m'nyengo yomweyo, ndipo zilipo pa tsamba la mpingo la pa intaneti. Zambiri zimene zanenedwa mu pulogalamu ino membala angaziwerenge pamenepo, m'mawu a mpingo wake womwe. Ofuna kulowa ayenera kuonetsedwa zikalata zimenezi asanabatizidwe, makamaka muno mu Africa, kumene mpingo ukukula mofulumira.

Chotsala ndi mmene kutulukako kumachitikira. Njira zilipo zitatu. Ambiri amangosiya kupita. Dzina lawo limakhalabe m'mabuku, amawerengedwabe ngati mamembala, ndipo amishonale kapena abale a mu mpingo amatha kumabwerabe pakhomo. Ena amalemba kalata kwa bishopu wawo yopempha kuti dzina lawo lichotsedwe. Malinga ndi malamulo a mpingo, zikatero ubatizo ndi unsembe wa munthuyo zimatha mphamvu pamodzi ndi madalitso ake a m'kachisi, ndipo akadzafuna kubwerera ayenera kubatizidwanso. N'chifukwa chake ena amene anasiya kalekale salemba kalatayo makolo awo akadali moyo. Njira yachitatu ndi yochotsedwa ndi bwalo la mpingo, ndipo imachitika pa milandu ikuluikulu kapena munthu akamaphunzitsa poyera zotsutsa atsogoleri atachenjezedwa kale. Ku mbali ya boma, Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko la Zambia limateteza ufulu wa chikumbumtima, ndipo limatchula mwachindunji ufulu wosintha chipembedzo. Ufulu umenewu ndi wa amene akulowa mu mpingowu, wa amene akukhalamo, ndi wa amene akutuluka.